Mmene mungamalizire bondo lanu ndi botolo la mafuta

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, ndalama zimayamba kuyenda m'midzi ya kwa Kaomba, kwa Wimbe, kwa Chulu mpaka kwa Santhe, ndipo amalonda amazilondola. Ena amabwera ndi malata, ena njinga, ena masola ndi mafoni. Pakati pawo sipalephera munthu wa chikwama cha timabotolo: mafuta a nsatsi, a chamwamba, a nimu, a bulugamu, ndi ena ochokera kunja okhala ndi chithunzi cha bondo loyaka moto. Wamalondayu sasowa ogula. Akudziwa kuti mwa anthu amene akalambira m'munda wa fodya, ambiri amadzuka pamphasa atayamba agwira khoma.

Pali njira imene ambiri a ife timatsata bondo kapena chiuno chikayamba kuwawa, ndipo imathera pa ndodo ziwiri, ndalama zitatha, nthawi zina impso nazo zitawonongeka. Ndiiyala pano yonse, ngati malangizo, chifukwa palibe amene amaiona yonse poiyamba. Munthu amangoona phazi lotsatira, ndipo phazi lililonse limaoneka lanzeru pa tsiku lake. Amalume ndi azakhali anga a m'zigafa, izi ndi zimene munthu amachita kuti bondo lithe msanga. Werengani mudziwe pamene mwafika.

Chiyambi chake simuchita kuchifunafuna, ntchito imabweretsa yokha. Dzuwa la Okutobala limakupezani ku nazale, makeni awiri m'manja, kuchokera kuchitsime cha kudambo kupita pabedi, m'mawa ndi madzulo. Mvula ikagwa ndi kuwokera chowerama, kenako kupalira ndi kubandira. Masamba a pansi amathyoledwa chonjuta. Kusoka kumachitika mutakhala pansi miyendo itapindika mpaka dzuwa kupendeka, kenako kukwera m'chigafa, kusankha, kumanga mindindi, kudinda pa jeke, ndi kugubuduza belo la makilogalamu pafupifupi 100 kulikweza pangolo. Mayi akaweruka kumeneku akupeza mtondo, nkhuni, ndowa ya madzi ndi mphika wa pamafuwa zikudikira mawondo omwewo. Madokotala anaona kalekale kuti kugwada, kunjuta ndi kunyamula zolemera kwa zaka zambiri kumaperesa mawondo, ndiponso kuti alimi amadwala chiuno kuposa anthu a ntchito zina zambiri. Ku Britain munthu amene wagwira ntchito ya pafamu zaka 10 n'kuperepeseka chiuno amawerengedwa kuti wadwala chifukwa cha ntchito, ndipo boma likhoza kumulipira. Kuno tenanti wokalamba amangobwerera kwawo akutsimphina. Bungwe la WHO linawerenga kuti mu 2019 anthu 528 miliyoni padziko lonse anali ndi nyamakazi yoperesa mafupayi, 365 miliyoni mwa iwo m'mawondo, ndipo 60 pa 100 aliwonse anali akazi.

Ululu ukayamba, musapite kukafunsa kuti ndi matenda anji. Nenani kuti ndi nyamakazi basi, kapena kuti mwaponda mankhwala kumalire a munda, n'kuyamba kufuna chopaka.

Apa ndi pamene ambiri amasochera, chifukwa matenda a molumikizana mafupa alipo angapo ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Nyamakazi yoperesa imabwera pang'onopang'ono, kawirikawiri munthu atapitirira zaka 45. Imawawa mukagwira ntchito, imachepa mukapuma, m'mawa bondo limauma koma limamasuka theka la ola lisanathe, ndipo limalira pokwera chulu. Koma bondo likatupa tsiku limodzi, n'kumatentha, thupi nalo likutentha, mwina mwalowa mafinya, ndipo mafinya amadya bondo m'masiku owerengeka. Limenelo ndi la kuchipatala tsiku lomwelo. Chifuwa chachikulu chimagwiranso chiuno ndi bondo, munthu n'kumaonda ndi kutuluka thukuta usiku popanda kutsokomola n'komwe. Palinso matenda amene mutu wa fupa la ntchafu umafa chifukwa magazi asiya kufikako. Madokotala a ku Blantyre atayamba mu 2005 kulemba m'kaundula anthu onse oikidwa chiuno kapena bondo lachitsulo m'Malawi, anapeza kuti matenda a kufa kwa fupawa ndiwo anatsogola pa zifukwa zoikira chiuno, ndipo ambiri mwa odwalawo sanali okalamba. Mowa wambiri, kachilombo ka HIV, matenda a sickle cell ndi mankhwala a steroid ndi zina mwa zimene zimayendera limodzi ndi vutoli. Safunsa anadya phula: munthu wa TB ya m'chiuno amene wapaka nsatsi chaka chathunthu wataya chaka chimene mankhwala aulere a boma akanapulumutsa mwendo wake.

Chinanso chimene ambiri sadziwa n'chakuti chiuno chikaperepeseka, ululu umamveka m'mphechepeche, kutsika ndi ntchafu mpaka pabondo. Alipo anthu amene amapaka bondo labwinobwino zaka ndi zaka pamene vuto lili kumtunda. Dokotala amazindikira zimenezi pongokugonekani n'kutembenuza mwendo. Mukapanda kupita, zimenezi simudzazimva.

Chotsatira, khulupirirani kuti bondo lili ngati ekiselo ya ngolo: likamalira ndiye kuti lauma, likufuna girizi. Wamalonda aliyense amafotokoza chonchi, ndipo zimamveka, chifukwa tonse tinamvapo ngolo yosadzozedwa ikulira panjira ya ku Chamama. Koma mkati mwa bondo simuli choncho. Mapeto a mafupa anakutidwa ndi chicherewecherewe choterera chimene chilibe mitsempha ya magazi. Chimadya kuchokera ku timadzi ta m'bondomo, ndipo timadziti timalowa ndi kutuluka pamene bondo likupindika ndi kuwongoka. Nyamakazi yoperesa ikafika, chicherewecherewecho chimapyapyala, fupa la pansi pake limakhuthala n'kumera tinyanga m'mbali, kathumba kokuta bondo kamatupa, minofu ya ntchafu imafooka. Nthawi zambiri madzi m'bondo lotere amakhala ochuluka kuposa kale. Kuuma kulibe. Ndipo mafuta opaka pakhungu alibe njira yoti adutse khungu, mnofu ndi kathumba kaja kuti akakhale pakati pa mafupa.

Mlimi wa fodya ali ndi poyankhira, ndipo yankho lake si lopusa. Amati khungu limamwa, umboni wake ndi chizungulire ndi nseru zimene zimagwira munthu wothyola fodya wa mame. N'zoona, chikonga cha m'masamba onyowa chimalowa pakhungu n'kufika m'magazi. Palinso mankhwala opaka a kuchipatala, monga diclofenac, opangidwa mwapadera kuti alowe pakhungu, ndipo pabondo amathandizadi chifukwa bondo lili pafupi ndi khungu. Koma zimene zimalowazo ndi tizinthu tating'ono kwambiri tosungunuka. Mafuta enieniwo amatsala pamwamba. Za chiuno ndiye musanene: mfundo yake inabisika pansi pa minofu yokhuthala kwambiri m'thupi lonse, moti ngakhale mankhwala opaka a kuchipatala safikako bwino.

Sindikunyoza kupaka. Mdzukulu akamasisita bondo la agogo ake madzulo ndi mafuta ofunda, minofu imamasuka, ululu umatsika kwa kanthawi, ndipo agogowo amagona akudziwa kuti pali wowasamala. Zimenezo n'zenizeni. Koma wagwira ntchito ndi dzanja la mdzukulu ndi kufunda kuja, ndipo mafuta a nsatsi oyenga nokha kapena ophikira a m'kapu amachita chimodzimodzi ndi botolo logula ndi mtengo wa thumba la chimanga. Kulakwa kumayamba pamene mwayamba kulipira zambiri poyembekezera kuti mafutawo amanga zimene zaperepeseka.

Kenako mudzamva nkhani ya mapeyala ndi soya. Imveni theka, musafunse zotsalazo.

Nkhaniyi ili ndi maziko, n'chifukwa chake imakola anthu ophunzira omwe. Ku France kuli kampani yotchedwa Expanscience imene imapanga makapisozi a Piascledine 300 kuchokera ku mafuta a mapeyala ndi a soya. Mafuta akasakanizidwa ndi soda wopangira sopo, pafupifupi onse amasanduka sopo, koma kagawo kochepa kamakana. M'mafuta a soya kagawoka sikafika magawo 2 pa 100. Kampaniyo imayenga kagawo kameneka m'njira yakeyake, n'kusakaniza gawo limodzi la mapeyala ndi magawo awiri a soya, ndipo wodwala amamwa mamiligalamu 300 pa tsiku. Madokotala amangoti ASU. Ndi mankhwala akumwa, opimidwa mlingo, si opaka.

Anawayesa pa anthu. Mu 2014 gulu la Cochrane, limene ntchito yake ndi kusonkhanitsa ndi kusefa kafukufuku wa mankhwala, linaunika mayeso 49 a mankhwala akumwa ochokera ku zomera. Linapeza kuti Piascledine amachepetsa ululu pang'ono. Pa sikelo yoyambira 0 kufika 100, omwa mankhwala onamizira anali cha pa 40, omwa enieni cha pa 32. Kwa munthu wovutika, kusiyana kumeneku sikotaya, komabe sikuchira. Ndiponso mankhwalawa sagwira msanga, amatenga miyezi ngati iwiri asanayambe kumveka. Chaka chomwecho kunatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wotchedwa ERADIAS, wa odwala chiuno 399 amene anatsatidwa zaka zitatu ku France, ndi ndalama za kampani yomweyo. Poyeza pa X-ray mpata wa pakati pa mafupa, magulu awiri aja sanasiyane kwenikweni mukawatenga onse pamodzi. Chimene chinaoneka n'chakuti mwa omwa mankhwala enieni, 40 pa 100 anaipiraipira, pamene mwa omwa onamizira anali 50 pa 100. Pa ululu ndi kayendedwe panalibe kusiyana. Boma la France lenilenilo, kwawo kwa mankhwalawa, linaona kuti phindu lake n'lochepa, ndipo mu Malichi 2015 linasiya kuwalipirira odwala.

Umenewu ndiwo umboni wabwino koposa umene mafuta a zomera ali nawo pa matendawa: thandizo lochepa, lochedwa, lochokera ku kapisozi imodzi yopangidwa m'njira imodzi. Ineyo sindingamuletse munthu amene dokotala wake wamulembera mankhwalawa ndipo ali ndi ndalama zake. Chimene chimandiwawa ndi mmene nkhaniyi imasinthira ikafika pamsika. Imasanduka yakuti azungu anapeza kuti mafuta a mapeyala ndi soya amachiza nyamakazi. Kuno soya ndi wathu, ambiri anachepetsa fodya n'kudzala soya, ndipo mapeyala pa nyengo yake amadzaza m'misika. Ndiye munthu amayamba kumwa masipuni a mafuta ophikira m'mawa uliwonse, kapena kugula botolo lolembedwa dzina la mapeyala n'kumapaka, kapena kusinja nthangala ya peyala n'kumathira m'phala. Palibe chimodzi mwa izi chimene chinayesedwa mu kafukufuku uja. Peyala ndi chakudya chabwino, soya ndi ndiwo ndi phala labwino, idyani. Koma masipuni a mafuta tsiku ndi tsiku amangowonjezera thupi limene bondo lomwelo liyenera kunyamula.

Mafuta a chamba nawo alowa m'chikwama chija chikhazikitsireni lamulo la 2020 lololeza ulimi wa chamba cha mafakitale ndi cha mankhwala. Ku Vienna madokotala anapatsa odwala mawondo mankhwala ochokera ku chamba a CBD ochuluka kwa masabata 8, ena n'kuwapatsa onamizira, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2023 zinaonetsa kuti ululu sunasiyane.

Tsopano gulani kwa munthu amene sakuuzani za m'botolomo, ndipo mukadzuka mawa lake bondo lili myaa, thokozani n'kugula mabotolo atatu.

Pa njira yonseyi, apa ndi poopsa kwambiri. Kumbukirani kuti mankhwala a zomera oyesedwa aja amatenga miyezi. Ngati ufa kapena kapisozi yotchedwa yachilengedwe yachotsa ululu usiku umodzi, n'kukupatsani njala ndi mphamvu, muyenera kuchita mantha. M'mayiko ambiri apeza mankhwala azitsamba a nyamakazi atasakanizidwa mobisa ndi mankhwala a kuchipatala. Mu 2022 bungwe la FDA la ku America linachenjeza za mapiritsi otchedwa Artri King, ogulitsidwa ngati achilengedwe, litapezamo diclofenac ndi dexamethasone zosalembedwa pachikuto. Dexamethasone ndi steroid wamphamvu. Mukamumwa miyezi, nkhope imatupa n'kukhala yozungulira, abale n'kumati mwanenepa mwachira, pamene shuga ndi BP zikukwera, khungu likupyapyala, mafupa akufewa, ndipo mutu wa fupa la ntchafu uja ukhoza kufa. Munthu amene anangoyamba ndi bondo loperepeseka amatha ndi chiuno chophwanyika. Kusiya mwadzidzidzi nakonso kukhoza kugwetsa munthu, choncho amene akuganiza kuti wakhala akumwa zoterezi atenge botololo apite nalo kuchipatala, asangotaya. Lamulo la 2019 linakhazikitsa bungwe la PMRA kuti lizilembetsa mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa. Wofuna kuwonongeka asafunse chiphaso, asawerenge chikuto, asadabwe kuti botolo limodzi likuchiza nyamakazi, shuga, kusabereka ndi mphumu.

Mafuta akakanika, onjezerani indosidi ndi bulufeni wa pagolosale. Imwani awiriawiri m'mamawa musanadye, popita kumunda, ndipo musaphonye tsiku. Mankhwalawa amachotsadi ululu, ndipo dokotala akhoza kukupatsani kwa masiku owerengeka ataona thupi lanu. Koma akamwedwa miyezi popanda wowayang'anira amaboola zilonda m'mimba, munthu n'kuyamba kuchita chimbudzi chakuda kapena kusanza magazi. Amakweza BP, ndipo kafukufuku wa dziko lonse wa 2009 anapeza kuti Mmalawi wamkulu mmodzi mwa atatu ali kale ndi BP yokwera. Amavulaza impso, makamaka mwa munthu wogwira ntchito padzuwa osamwa madzi okwanira. Amene ali pa ma ARV adziwe kuti mankhwala amene ambiri akumwa kuyambira 2019 ali ndi tenofovir, amene amatuluka kudzera mu impso, ndipo kuwaphatikiza ndi indosidi wa tsiku ndi tsiku ndi kusenzetsa impsozo katundu wawiri. Kubisa zimenezi kwa namwino wa ku ART ndi mbali ya njira yomweyi.

Pali zina zazing'ono zimene zimafulumizitsa. Temani mphini pabondo lotupa ndi lezala loti latema kale ena, n'kupakamo mafuta osakaniza ndi makala, kuti tizilombo tipeze khomo. Sungani mafutawo m'kabotolo kamene munali mankhwala opopera ku nazale. Sinjani kambuzi n'kumanga pabondo chifukwa mwamva kuti tsabola amachiza. Apanso pali theka la choonadi, poti alipo mafuta opaka a capsaicin, ochokera ku tsabola, opimidwa mlingo wochepa kwambiri, amene madokotala ena amalola pa bondo, koma kambuzi womanga ndi nsanza amawotcha khungu n'kusiya matuza. Ena amafika potafuna nthangala za nsatsi, osadziwa kuti muli poizoni wotchedwa ricin amene akhoza kupha.

Ndiye khalani pansi. Nenani kuti bondo latha, kuliyendetsa ndi kulimaliza, ndipo dikirani pakhonde kuti mafuta agwire ntchito.

Maganizo amenewa amaoneka achifundo, ndipo ana ndi amene amawalimbikitsa pokonda makolo awo. Koma bondo losayenda limauma, minofu ya ntchafu imene imaligwira imafota m'masabata ochepa, ndipo minofuyo ikafota katundu yense amagwera pamafupa. Mabungwe a madokotala a mafupa amasiyana pa zambiri, koma pa ichi amagwirizana: mankhwala oyamba a nyamakazi yoperesa ndi mafizo, kuchepetsa thupi kwa amene ndi onenepa, ndi kudziwa matenda ako. Malangizo a bungwe la NICE la ku Britain a 2022 anaika zimenezi patsogolo pa piritsi lililonse. Mafizo ake si ofuna makina. Kukhala pampando n'kuwongola mwendo, kuugwira choncho kanthawi, n'kuutsitsa pang'onopang'ono. Kugona chagada n'kukweza mwendo wowongoka. Kudzuka pampando n'kukhalanso osagwira kanthu. Kupalasa njinga pamalo athyathyathya, amene kuno ndiye ochuluka, chishalo chitakwezedwa kuti bondo lisapindike kwambiri. Poyamba zimawawa, ndipo phindu limabwera patapita masabata, koma ndi phindu losachepera la kapisozi ya ku France ija, ndipo silidya tambala. Amene akufuna kulemala asiye pa tsiku lachitatu, ululu ukangomveka.

Mwina munganene kuti mlimi amayenda kale mokwanira. Ntchito ya kumunda ndi mafizo n'zosiyana. Ntchito imapinda bondo mpaka pamapeto ndi katundu pamwamba, maola ambiri, kenako miyezi ya chilimwe munthu n'kukhala. Mafizo amalimbitsa minofu pang'onopang'ono bondo lisakupanikizidwa. Chofunika ndi kusintha kagwiridwe: kusoka ndi kusankha fodya mutakhala pakampando kapena pabenchi m'malo mwa pansi, kuika chogwirira m'chimbudzi kapena kupangirako mpando wobowola, kukweza mafuwa, kunyamula keni imodzi kawiri m'malo mwa awiri kamodzi, kusiyira achinyamata jeke ndi belo. Ndipo mayi wachikulire amene mawondo ake aperepeseka tisamuyembekezere kugwada popereka moni kapena madzi. Ulemu wake tauona kwa zaka zambiri, timupatse mpando.

Kanani ndodo, poopa kuti anthu anena kuti mwakalamba. Mukaitenga, igwireni mbali ya mwendo wowawa. Zonsezi ndi zolakwa, chifukwa ndodo imagwiridwa kudzanja la mbali ya mwendo wabwino, n'kumaponda pamodzi ndi mwendo wodwala, ndipo ikagwiridwa choncho imachotsa katundu wambiri pachiuno. Kutalika kwake kufike pamfundo ya dzanja munthu ataimirira manja ali pansi. Za thupi, alimi ambiri ndi ochepa kale, koma amalonda a m'tauni ya Kasungu, aphunzitsi ndi eni minda amene anasiya khasu amve izi: kafukufuku wa ku America wa 2005 anapeza kuti kilogalamu imodzi imene munthu wataya imachotsa makilogalamu pafupifupi anayi pabondo pa phazi lililonse limene waponda.

Chomaliza ndi kuchedwa. Chaka chilichonse ndalama za fodya zikabwera, patulani za mabotolo atsopano, ndipo za ulendo wa kuchipatala muziti chaka chamawa. Pafupi pali chipatala cha boma cha Kasungu, cha St Andrew's ku Mtunthama, cha Nkhamenya ndi cha Kaluluma. Kuyambira 1985, pamene dokotala wa ku Canada Ed Blair anayambitsa maphunziro ake, Malawi wakhala akuphunzitsa ma clinical officer a mafupa amene amagwira ntchito m'zipatala za m'maboma, ndipo ndi iwo amene angasiyanitse bondo loperepeseka ndi la mafinya kapena la TB, kulamula X-ray, kuyeza BP, kukulemberani mankhwala opaka oyenera ndi kukutumizani kwa a mafizo. Amene afunika opaleshoni amatumizidwa ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1, kumene chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION chinatsegulidwa mu 2023 pambali pa Kamuzu Central.

Ambiri odwala nyamakazi yoperesa safunika opaleshoni, makamaka akayamba kulimbitsa minofu matenda adakali aang'ono. Kwa ochepa amene fupa lafika pokhulana ndi fupa, tulo osabwera, chiuno kapena bondo lachitsulo limabwezeretsa kuyenda, koma zitsulozo ndi zodula, madokotala oziika ndi ochepa m'dziko muno, ndipo mzere ndi wautali. Dokotala asanavomere amayang'ana impso, shuga, BP, khungu la pabondo ndi mphamvu ya minofu imene idzayendetse chitsulocho. Munthu amene watsata njira yonseyi amafika ndi impso zotopa ndi indosidi, shuga wokwezedwa ndi steroid, zipsera za mphini pamalo oti pachekedwe, bondo lopindika losawongoka, ndi ntchafu yofota chifukwa cha zaka za pakhonde. Nthawi zambiri amauzidwa kuti abwerere kaye kwawo akakonze zimenezi, ndipo zina mwa izo, monga impso, sizikonzeka.